Mlandu wa Kukanyanga Munthu Pakhosi: Ulendo Wake Kuchoka M'mudzi Kufika Kukhoti

Mawu okambidwa pamisonkhano ya anthu a m'mawodi, pa ntchito ya khonsolo yolimbana ndi nkhanza za m'banja



Pa milandu yonse ya nkhanza imene imafika kubwalo la majisitireti, ulipo umodzi umene anthu amakonda kuupeputsa, ndiwo wa kukanyanga munthu pakhosi. Wothyoledwa mkono amaonedwa ndi aliyense. Wotemedwa ndi chikwanje amathamangitsidwa naye kuchipatala magazi ali chuchuchu, mudzi wonse uli pambuyo. Koma mayi amene mwamuna wake wamufinya pakhosi usiku amadzuka m'mawa, n'kusesa pabwalo, n'kupita kumjigo, ndipo omuona amati palibe chachitika. Mawu ake akasasa amati ndi chimfine. Nkhani ikafika kwa ankhoswa imatha ndi kupepesana, ndipo khoti silimva kanthu.

Cholinga cha msonkhano uno ndi kufotokoza mmene makhoti a m'dziko muno amazengera mlandu wotere: malamulo amene amagwiritsa ntchito, njira imene mlandu umadutsa, ndi mmene umathera. Mfundo yaikulu ndi imodzi. Khoti limaweruza potsata umboni, ndipo umboni wa mlandu uwu umafafanizika msanga. Zimene abale, anansi ndi atsogoleri amachita m'masiku awiri kapena atatu oyambirira ndizo kawirikawiri zimakonza kapena kuononga mlandu.

Chimene chimachitika m'thupi

M'mbali ziwiri za khosi mumadutsa mitsempha ikuluikulu yopititsa magazi kuubongo ndi ina yobweza magaziwo kumtima. Pakati pali kholingo, njira ya mpweya. Dzanja, chingwe, lamba kapena chitenje zikafinya malo amenewa, ubongo umasowa magazi, ndipo munthu akhoza kukomoka m'masekondi 10 okha. Kufinyako kukapitirira kwa mphindi zochepa, munthu amamwalira. Kutseka mitsempha imeneyi sikulira mphamvu zambiri, n'chifukwa chake pakhungu pamatha kukhala posalala pamene m'kati mwavulala.

Madokotala ndi oimira boma pa milandu mumzinda wa San Diego, ku America, anaunika milandu 300 ya anthu okanyangidwa pakhosi, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2001. Theka la anthuwo analibe bala lililonse looneka ndi maso. Kafukufuku wina wa m'dziko lomwelo, wa mu 2008, anapeza kuti mayi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake ali pachiopsezo chodzaphedwa ndi mwamunayo choposa cha amayi ena ozunzidwa kuwirikiza ka 7. Tanthauzo lake ndi loti dzanja likafika pakhosi, nkhanza zafika pamlingo wina. Wochita zimenezi waonetsa kuti angathe kupha.

Zizindikiro zilipo, kungoti zimafuna munthu wodziwa kuziyang'ana: mawu kusasa kapena kutheratu, kuwawa pomeza, kupuma movutikira, timadontho tofiira m'maso, m'zikope kapena kuseri kwa makutu, chizungulire, mutu kuwawa, kusakumbukira bwino zimene zinachitika, ndi kudzikodzera kapena kudziipitsira pa nthawi ya kufinyidwako. Khosi likhoza kutupa m'kati patapita maola angapo, ndipo mtsempha wong'ambika ukhoza kudzetsa sitiroko patadutsa masiku. Kwa mayi woyembekezera, ngoziyo imakhudzanso mwana wosabadwayo.

Malamulo amene khoti limagwiritsa ntchito

Maiko ena anakhazikitsa lamulo lapadera la mlandu umenewu. Ku England ndi Wales, kuyambira mu June 2022, kukanyanga munthu pakhosi ndi mlandu pawokha ngakhale pasapezeke bala, ndipo chilango chake chimafika zaka 5. Kuno ku Malawi mlanduwu umazengedwa pansi pa ndime zingapo za buku la milandu ndi zilango zake, lotchedwa Penal Code, ndipo ndimezo zili ngati makwerero.

Pansi penipeni pali ndime 253, ya kuputa kapena kumenya munthu popanda kumuvulaza, imene chilango chake sichiposa chaka chimodzi. Pamwamba pake pali ndime 254, ya kumenya munthu n'kumuvulaza, imene imafika zaka 5. Kenaka pali ndime 238, ya kuvulaza munthu modetsa nkhawa, imene imafika zaka 14. Lamulo likamati kuvulaza modetsa nkhawa silitanthauza kulumala kokha ayi. Likuphatikizaponso chivulazo choika moyo pachiswe kapena choononga thanzi kwambiri, ndipo apa ndi pamene umboni woti munthu anakomoka umakhala wa mtengo wapatali.

Pamwamba pa zonsezi pali ndime zitatu zimene chilango chake chimafika ukaidi wa moyo wonse. Ndime 235 imakhudza wochita dala ndi cholinga chovulaza mnzake modetsa nkhawa. Ndime 223 ndi ya kufuna kupha. Ndime 233 ndiyo imatchula za kukanyanga pakhosi mwachindunji: munthu amene wafinya, kutsamwitsa kapena kubanikitsa mnzake kuti asathe kudziteteza, ndi cholinga choti apalamule mlandu wina monga kuba kapena kugwirira. Wokanyangidwayo akamwalira, mlandu umakhala wa kupha, ndipo umazengedwa ndi khoti lalikulu basi.

Choncho chochitika chimodzi chomwecho chikhoza kukhala mlandu wa chaka chimodzi kapena wa zaka 14. Wosankha ndime ndi wapolisi woimira boma pa milandu, ndipo amasankha poyang'ana zimene zalembedwa m'failo. Failo ikangoti "anamenyana", mlandu umakhala pakwerero lapansi. Ikafotokoza kuti anamufinya pakhosi ndi manja onse awiri mpaka anakomoka, lipoti la chipatala n'kuvomereza, mlandu umakwera.

Kuchipatala ndi kupolisi

Moyo ndiwo uyenera kutsogola. Munthu amene akupuma movutikira, mawu asasa kapena anakomoka ayenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo, kalata ya kupolisi ipezedwa pambuyo. Akafika, anene mosabisa kuti anakanyangidwa pakhosi. Ambiri amachita manyazi, amangoti mutu ukuwawa, ndipo dokotala amalemba za mutu. Ena amabisa zoti anadzikodzera, osadziwa kuti chimenecho ndi chizindikiro champhamvu choti ubongo unasowa magazi. Zimene sizinanenedwe kuchipatala sizilowa m'lipoti, ndipo zimene sizili m'lipoti zimavuta kuzitsimikiza m'khoti.

Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Victim Support Unit. Kumeneko wodandaula amapereka sitetimenti ndi kulandira kalata yoti achipatala alembepo zimene apeza. M'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi alangizi amapezeka pamodzi. Wosowa poyambira akhoza kuimba mwaulere pa 5600, kapena pa 116 ngati nkhani ikukhudza mwana.

Popereka sitetimenti, wodandaula afotokoze mwatsatanetsatane: linali dzanja limodzi kapena awiri, chingwe kapena nsalu, anamupanikizira kukhoma kapena pansi, anaona mdima kapena ayi, anatsitsimukira pamalo ena osakumbukira mmene anafikirapo, ndi mawu amene womufinyayo ankalankhula. Mawu oopseza kupha amathandiza khoti kudziwa cholinga cha wopalamula. Sitetimentiyo aiwerengeredwe asanasainire. Chingwe, lamba kapena chovala chong'ambika zisungidwe. Zithunzi za pafoni zijambulidwe tsiku lomwelo ndiponso masiku otsatira, popeza mikwingwirima ina imatulukira mochedwa. Mnansi amene anamva kukuwa, kapena amene anamva mawu osasa m'mawa mwake, ndi mboni yofunika ngakhale sanaone ndi maso.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu ndi ichi: nthawi zambiri wokanyanga mnzake ndiye amakhala ndi zokanda kumaso ndi m'manja, chifukwa wofinyidwayo ankadzipulumutsa. Pakachitika chomwecho, wolakwa amathamangira kukadandaula, n'kuonetsa mabala ake. Atsogoleri asafulumire kuweruza poona amene ali ndi magazi.

Mlandu ukalowa m'khoti

Malamulo aakulu a dziko, mu ndime 42, amalamula kuti munthu womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Kumeneko amawerengeredwa mlandu m'chiyankhulo chimene akumva, kudzera mwa womasulira, ndipo amafunsidwa ngati akuuvomera kapena kuukana.

Akavomera, woimira boma amafotokoza mmene zinachitikira ndi kupereka lipoti la chipatala. Woimbidwa mlandu akagwirizana nazo, khoti limamupeza wolakwa, ndipo mlandu ukhoza kutha m'masiku ochepa. Akakana, khoti limaika tsiku lomva mboni, ndipo nkhani ya belo imabuka.

Belo ndiyo imadandaulitsa anthu ambiri. Akaona woganiziridwa wabwerera m'mudzi amati apolisi adya ziphuphu. Zoona zake n'zakuti munthu aliyense amatengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndipo belo ndi ufulu wake pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Koma khoti limaganiziranso chitetezo cha wodandaula ndi cha mboni. Wodandaula amene akuopa ayenera kuuza woimira boma nkhani ya belo isanakambidwe, kuti khoti likane beloyo kapena liike malire, monga kuletsa woganiziridwayo kufika pakhomo. Akaphwanya malirewo, belo ikhoza kulandidwa.

Tsiku lozenga likafika, boma ndilo limayamba. Wodandaula amalumbira n'kufotokoza, kenaka mboni zina, wachipatala kapena lipoti lake, ndi wapolisi wofufuza. Woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wofunsa mboni iliyonse mafunso, ndipo popeza ambiri sakhala ndi loya, amafunsa yekha. Imeneyi ndi nthawi yowawa kwa mayi amene ayenera kuyankha mafunso a munthu yemwe anamugwira pakhosi. Mbale kapena mlangizi womuperekeza amamulimbitsa mtima. Wokanyangidwa akhoza kulephera kukumbukira ndondomeko ya zonse, popeza ubongo wosowa magazi susunga bwino zochitika. Ndi bwino kunena kuti "sindikukumbukira" kusiyana ndi kupeka, chifukwa bodza limodzi laling'ono limagwetsa umboni wonse.

Boma likatseka umboni wake, majisitireti amagamula ngati woimbidwa mlandu ali ndi mlandu woti ayankhe. Ngati palibe, amamumasula pomwepo. Ngati ulipo, amapatsidwa mwayi wodziteteza: akhoza kupereka umboni, kuitana mboni zake, kapena kukhala chete. Udindo wotsimikiza mlandu, mosasiya chikaiko chomveka, umakhala pa boma kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Wosauka amene akufuna loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Ngati woganiziridwayo sanakwane zaka 18, mlandu umapita kukhoti la ana, motsata lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010.

Mmene milandu imathera

Mathero oyamba ndi kupezeka wolakwa. Zikatero wolakwayo amapatsidwa mpata wodandaula kuti khoti limumvere chisoni, ndipo woimira boma amanena zimene zikukulitsa mlandu. Khoti limachepetsa chilango kwa amene wavomera msanga ndi amene n'koyamba kupalamula. Limakulitsa ngati panagwiritsidwa ntchito chingwe kapena chida china, ngati wozunzidwa anali woyembekezera, mwana, wokalamba kapena waulumali, ngati zinachitika ana akuona, kapena ngati nkhanzazo zakhala zikubwerezedwa. Zaka zimene lamulo limatchula ndi malire a pamwamba, osungidwira milandu yoipitsitsa. Pa milandu ing'onoing'ono khoti likhoza kulipitsa chindapusa, kupereka chilango choimikidwa, kapena kulamula ntchito yothandiza anthu, ndipo lili ndi mphamvu yolamula kuti wovulazidwa apatsidwe chipukuta misozi.

Mphamvu za oweruza zimasiyana. Majisitireti wa digiri ya zamalamulo, wotchedwa Resident Magistrate, akhoza kulamula ukaidi wosaposa zaka 21, pamene wa giredi yoyamba sapyola zaka 14. Zilango zazitali zimatumizidwa kukhoti lalikulu kuti likaziunike, ndipo woweruza wa kumeneko akhoza kuvomereza, kuchepetsa kapena kuonjezera. Wosakhutira ndi chigamulo ali ndi ufulu wochita apilo.

Mathero achiwiri ndi kupezeka wolakwa pa mlandu wocheperapo. Umboni ukalephera kufika pa ndime 238, khoti likhoza kugamula pa ndime 254. Izi zimachitika kwambiri lipoti la chipatala likakhala loperewera. Mathero achitatu ndi kumasulidwa chifukwa chosowa umboni, ndipo womasulidwa motere sangazengedwenso pa mlandu womwewo.

Mathero achinayi ndiwo omvetsa chisoni: mlandu kufera m'njira. Wodandaula amabwera kudzapempha kuti mlandu uthe, kapena amangosiya kubwera. Zifukwa zake n'zodziwika. Womangidwayo ndiye amagula feteleza ndi kulipira fizi. Apongozi akunena kuti wachititsa manyazi banja. Ankhoswa akulangiza kuti banja n'kupirira. Khoti lili kutali, ndipo mlandu waimitsidwa katatu, ndalama ya kabaza yatha.

Pamenepa pafunika kumvetsetsa bwino. Mlandu wotere si wa mayi ndi mwamuna wake ayi. Ndi wa boma ndi woimbidwa mlandu, ndipo wodandaula ndi mboni chabe. Sangauthetse ndi mawu ake okha popanda woimira boma ndi khoti kuvomereza. Malamulo amalola khoti kuyanjanitsa anthu pa milandu yaing'ono ya pakati pa awiri, monga kumenyana kosavulazana, koma khomo limenelo silinatsegulidwire milandu ikuluikulu. Komabe mboni yaikulu ikasowa, boma limatsala manja lende, ndipo wokanyanga mnzake amabwerera kunyumba ataphunzira kuti palibe chimene chingamuchitikire.

Chitetezo mlandu uli m'kati

Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 linapatsa makhoti mphamvu zotetezera wozunzidwa popanda kudikira kuti mlandu uthe. Khoti likhoza kupereka chiletso choti wankhanza asayandikire, asaopseze kapena kuvutitsa wodandaula. Likhoza kulamula kuti wozunzidwa ndi ana akhale m'nyumba, wankhanzayo atuluke, kaya nyumbayo ndi yawo kapena ya lendi. Zinthu zikakhala zothina, chiletso chongoyembekezera chimaperekedwa mwachangu. Wopempha sayenera kukhala wozunzidwa yekha: kholo, wapolisi kapena wogwira ntchito yothandiza ozunzidwa akhoza kumupemphera. Kuphwanya chiletsochi ndi mlandu pawokha. Lamuloli limateteza amuna ndi akazi mofanana, ndipo bambo wokanyangidwa pakhosi ali ndi ufulu womwewo.

Udindo wa anthu a m'wodi

Makhoti a miyambo amene ankazenga milandu yaupandu anatha pamene dziko linalandira malamulo aakulu atsopano mu 1994. Mafumu akadali ndi ntchito yaikulu yosungitsa mtendere ndi kuweruza nkhani za malire, za ziweto ndi mikangano ya m'mudzi, koma mlandu wovulaza munthu si wa pabwalo la mfumu. Kulipitsa mbuzi kapena nkhuku pa nkhani ya kukanyanga pakhosi sikufafaniza mlandu, ndipo kumangochedwetsa wovulala kufika kuchipatala. Mfumu imene yalandira dandaulo lotere ichite chinthu chimodzi: itumize wodandaula kuchipatala ndi kupolisi tsiku lomwelo, pamodzi ndi womuperekeza.

Ankhoswa nawo ali ndi malo awo olemekezeka. Ndiwo amamva nkhani zimenezi poyamba, nthawi zina zaka zambiri apolisi asanamve. Mayi akabwera kudzadandaula za kumenyedwa, nkhoswe yanzeru ifunse funso limodzi: kodi anakugwiranipo pakhosi? Yankho likakhala inde, imeneyo si nkhaninso ya uphungu wa m'banja. Kumubweza kunyumba usiku womwewo kukhoza kukhala kumuperekeza kumanda, ndipo madzi akatayika saoleka.

Makomiti a VDC ndi ADC, magulu a chitetezo cha m'mudzi, a zaumoyo a m'midzi ndi magulu a amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti akhoza kuchotsa zopinga zimene zimapha milandu. Banki m'khonde ikhoza kupatula kandalama ka mayendedwe a mboni. Banja lodalirika likhoza kusunga wozunzidwa ndi ana kwa masiku angapo. Anansi akhoza kumuthandiza kulima pamene ali kukhoti. Ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi ya za jenda pakhonsolo ndi zotsegukira aliyense wofuna uphungu, ndipo khansala wa wodi ndi mlatho wofikira kumaofesi amenewa. Woitanidwa kukachitira umboni apite, popeza samani ya khoti ndi lamulo, ndipo woopseza mboni akupalamula mlandu wina.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakhalapo pabanja anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya zomenya, zogonana kapena zamaganizo. Amayi amenewa ndi omwe amalima minda, kuumba njerwa za sukulu ndi kuyendetsa makomiti a mijigo. Khonsolo imene ikumanga milatho ndi zipatala singaone nkhaniyi ngati yapadera ndi chitukuko.

Majisitireti sakhala m'mudzi usiku umene nkhanza zikuchitika. Amaona zokhazo zimene zabweretsedwa pamaso pake: lipoti la dokotala, sitetimenti yolembedwa bwino, ndi mboni imene yalimba mtima kuima m'bokosi. Zinthu zitatuzi zimachokera m'manja mwa anthu a m'wodi. Munthu wokanyangidwa pakhosi apite kuchipatala tsiku lomwelo, anene zonse mosabisa, akalembetse kupolisi, ndipo anansi ake ayende naye kufikira tsiku lachigamulo.